MKONO WA WOPONYA MPIRA: MKANGANO WA ANTHU OKONDA BASEBALL KU AMERICA

(Nkhani yokambidwa pa wailesi)



Lero ndifuna kukutengani kunka kutsidya kwa nyanja, ku dziko la United States of America, kumene anthu ali ndi masewera ao ochedwa baseball. Pa masewera amenewa pali mkangano umene sutha. Chaka ndi chaka anthu okonda baseball amatsutsana m'nyumba zao, m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo chimene atsutsanira ndi chiwalo chimodzi cha thupi, ndicho mkono wa mnyamata amene aponya mpira. Ena ati mkono umenewu uli kugwiritsidwa nchito mopitirira muyeso. Ena ati iai, uli kuleredwa ngati khanda, n'chifukwa chache suchedwa kuthyoka. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mboni zao, ndipo ndifuna kuti tizimve mbonizo monga muchitira inu pa bwalo la milandu.

Poyamba ndilongosole masewerawo pang'ono, pakuti ambiri a ife tidziwa mpira wa miyendo wokha. Timu iri yonse imalowa m'bwalo ndi anthu 9. Pakati pa bwalo pali kachulu, ndipo pa kachulu pamenepo pamaima woponya. Patsogolo pache, mtunda wa mapazi 60 ndi mainchesi 6, pamaima munthu wa timu inayo atagwira ndodo yonga chibonga. Woponya aponya kampira kolimba kachikopa, kukula kwache ngati lalanje, kulemera kwache ngati maaunsi 5. Womenya akakamenya bwino amathamanga kuzungulira malo 4 a m'bwalomo, ndipo akafika pamene anayambira, timu yache yapeza chigoli. Akaphonya katatu watuluka, abwere wina. Akatuluka atatu, matimu amasinthana: amene anali kumenya ayambe kuponya. Timu iri yonse imaponya nthawi 9 zotere, ndipo izi ndizo zigawo 9 za masewera amodzi.

Mu ligi yaikulu yochedwa Major League Baseball muli matimu 30, ndipo timu iri yonse imasewera masewera 162 pa chaka, kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa September. Ndiye kuti amasewera pafupifupi tsiku liri lonse kwa miyezi 6. Pambuyo pache, m'mwezi wa October, matimu amene achita bwino amalimbirana chikho, ndipo awiri otsiriza amakomana pa masewera ochedwa World Series.

Womenya angathe kusewera lero, mawa ndi mkuja osabvutika kwambiri. Woponya sangathe. Amene wayamba masewera lero amaponya mpira nthawi 90 kapena 100, ndipo m'mawa mwache mkono umakhala wolema ndi wowawa. Chifukwa chache timu imasunga oponya oyamba 5 amene amasinthana, wina lero, wina mawa, ndipo woyamba uja nthawi yache imakwananso atapuma masiku 4. Eni ache amati rotation. Ife tingati kasinthasintha, monga tichitira ndi mbeu m'munda. Kuonjezera pa asanuwa pali ena 8 amene nchito yao ndi kumlandira woyambayo akatopa. Mkulu wa timu, amene amati manijala, ndiye amaweruza kuti ayambe ndani, ndiponso kuti achoke nthawi yanji. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani.

Tsono gwirani m'kati mwa chigongono chanu, mbali imene iyang'ana ku nthiti. Pamenepo pali kamtsempha kolimba, kakafupi kuposa chala chanu, kamene kamanga pfupa la kumtunda kwa mkono ndi pfupa limodzi la kumunsi. Munthu akamaponya mwamphamvu mkono uli pamwamba pa phewa, dzanja limatsalira m'mbuyo pamene thupi lapita kale patsogolo, ndipo chigongono chimakanuka ngati chifuna kutseguka. Madotolo amene anayesa zimenezi apeza kuti mphamvu ya kuponya kumodzi imafika pafupi ndi malire a zimene kamtsemphako kangapirire. Chimene chimakathandiza ndi minofu yozungulira chigongono. Minofuyo ikatopa, katundu yense amagwera pa kamtsempha. Ndipo kawirikawiri sikaduka tsiku limodzi ai: kamayamba kuthetheka pang'ono pang'ono ngati chingwe cha pa chitsime, mwini wache osadziwa, kufikira tsiku lina kaduka pa kuponya kumene sikunasiyane ndi kwa dzulo. Phewa nalonso limabvulala, ndipo phewa ndi lobvuta kukonza kuposa chigongono.

Anthu amene amati oponya a masiku ano ali kuleredwa amayamba ndi mboni zakale. Amachula Charles Radbourn wa timu ya Providence Grays, amene m'chaka cha 1884, mnzache atachoka m'timu pakati pa chaka, anasenza nchito pafupifupi yekha: anayamba masewera 73 ndipo onsewo anawatsiriza yekha, zigawo 678. Amati m'mawa mwina sanali kutha kukweza mkono kuti apese tsitsi lache. Amachulanso Cy Young, amene anasewera kuchokera 1890 kufikira 1911 napambana masewera 511, chiwerengero chimene palibe wina wachiyandikira. Tsono amafunsa kuti, ngati makolo amenewa anatha kuchita zotere akudya zakudya wamba ndi kuyenda pa sitima ya pamtunda, mnyamata wa lero amene ali ndi madotolo ndi aphunzitsi alephera bwanji kutsiriza zigawo 6?

Funso limeneli ndi labwino, koma liri ndi yankho. Oponya akale sanali kuponya ndi mphamvu zao zonse nthawi iri yonse. Mpira wa masiku amenewo sunali kuuluka patali ukamenyedwa, ndipo omenya ena anali ofoka, kotero kuti woponya wanzeru anali kusunga mphamvu zache kudikira pamene pabvuta. Christy Mathewson wa New York Giants analangiza zomwezi m'buku lache la 1912 lochedwa Pitching in a Pinch. Ndiponso tisaiwale kuti mbiri imasunga maina a amene anapirira. Anyamata ambiri amene mikono yao inatha ali ndi zaka 24 anangobwerera kwao, ndipo anthu anangoti mkono wache wafa.

Mmodzi amene anthu sanamuiwale ndi Sandy Koufax wa Los Angeles Dodgers, munthu wamanzere. Pa masiku ache matimu anali kusinthanitsa oponya 4 okha, kupuma masiku 3. Mu World Series ya 1965, polimbana ndi Minnesota Twins, iye anaponya masewera otsiriza atapuma masiku 2 okha, natsiriza zigawo zonse 9 osalola chigoli ngakhale chimodzi. Koma chigongono chache chinali ndi nyamakazi. Anali kubayidwa jekeseni, ndipo atatha masewera anali kubviika mkono m'madzi a ayezi. M'chaka cha 1966 anapambana masewera 27, kuposa wina ali yense, ndipo m'mwezi wa November chaka chomwecho analeka masewera ali ndi zaka 30, kuopa kuti angadzakhale wopunduka mkono moyo wache wonse.

Zaka 8 pambuyo pache, m'timu yomweyo, munachitika chinthu chimene chinasintha nkhani yonse. M'mwezi wa July 1974 wamanzere wina, Tommy John, wa zaka 31, anadula kamtsempha kaja ali pa kachulu. Kufikira nthawi imeneyo munthu wotere nchito yache inali yatha. Koma dotolo wa timu, Dr Frank Jobe, anayesa chimene sichinachitikepo kwa woponya mpira. Pa 25 September anatenga mtsempha wina ku mkono wamanja wa John, mtsempha umene munthu angathe kukhala bwino popanda iwo, naboola timabowo m'mafupa a chigongono chamanzere, naulowetsa m'menemo ndi kuumanga monga munthu asokera dengu long'ambika. Dotoloyo anamuuza kuti mwai wakuti adzaponyanso unali umodzi pa 100. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera. Mu 1976 anabwerera, nasewera kufikira 1989 ali ndi zaka 46. Asanachitidwe opareshoni anapambana masewera 124. Atachitidwa anapambana 164. Kuyambira pamenepo opareshoni imeneyi imachedwa ndi dzina lache.

Ndi mankhwala abwino, ndipo mwa oponya 5 amene achitidwa, ngati 4 amabwerera ku masewera, ngakhale kuti amataya chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Koma ine ndiganiza kuti anabweretsanso kulimba mtima kolakwika. Munthu akadziwa kuti mmisiri wokonza ali pafupi, sasamala khasu monga kale. Pali ngakhale makolo ena amene amayesa kuti opareshoniyi imaonjezera mphamvu ya mkono wa mwana wao, chinthu chimene madotolo akhala ali kuchikana.

Tsono timve mboni za mbali inayo, za anthu amene amati mamanijala ndiwo amapha mikono. Mlandu wao waukulu ndi wa Oakland Athletics m'chaka cha 1980. Manijala wao, Billy Martin, anali ndi oponya oyamba 5 achinyamata, ndipo sanali kukhulupirira owalandira ao. Motero anali kuwasiya pa kachulu kufikira masewera atatha. Mwa masewera 162, timu imeneyi inatsiriza 94 popanda kusintha woponya. Rick Langford yekha anatsiriza 28, ndipo 22 mwa amenewa anali otsatizana. Timu imene inali yotsika inakwera, anthu anadzaza bwalo nayamika Martin. Koma mu 1982 timuyo inagonja masewera 94, Martin anachotsedwa, ndipo pasanapite nthawi Langford, Mike Norris, Matt Keough ndi Steve McCatty onse anali ndi mikono yobvulala. Palibe mmodzi wa iwo anabwerera ku mphamvu zache zakale. Ena a iwo anakana kuti wolakwa ndi Martin, koma anthu ambiri anali ataweruza kale.

Mlandu wina ndi wa Chicago Cubs mu 2003. Timu imeneyi inali isanatenge chikho kuyambira 1908, ndipo chaka chimenecho inali ndi mnyamata wa zaka 22, Mark Prior, amene anthu anali kunena kuti kaponyedwe kache kalibe chirema. Manijala Dusty Baker, poona chikho chiri pafupi, anamlola kawirikawiri kuponya nthawi 120 kapena 130 pa masewera amodzi m'miyezi yotsiriza. Chikho sanachipeze, anagonja kwa Florida Marlins. Prior anayamba kubvulala, ndipo masewera ache otsiriza mu ligi yaikulu anali mu 2006, ali ndi zaka 25. Kunena zoona, si zonse zimene zinachokera m'kuponya: mu 2005 mpira womenyedwa unamthyola chigongono. Koma okonda Cubs ambiri mpaka lero amaloza chala Baker, ngakhale kuti iye anadzatenga chikho ndi Houston Astros mu 2022.

Chifukwa cha milandu yotere matimu anayamba kuwerenga. Woponya akafika pa 100, manijala amayamba kuyang'ana amene angamlandire. Wachinyamata amamuikira malire a zigawo zimene angaponye pa chaka. Ndipo apa ndi pamene mkangano unatentha, pakuti malire amenewa nthawi zina amakwana pa nthawi imene timu iri kumfuna munthuyo koposa.

Taonani anthu awiri awa. Stephen Strasburg wa Washington Nationals anachitidwa opareshoni ya Tommy John mu 2010. Mu 2012 timu yache inapambana masewera 98, kuposa matimu onse, ndipo iye anali kuponya bwino lomwe. Koma akulu a timu, motsogozedwa ndi Mike Rizzo, anali atanena kale kuti sadzapitirira malire, ndipo kumayambiriro kwa September, atafika pa zigawo 159, anamuimitsa ali wathanzi. Timu inapita kukalimbirana chikho popanda iye nigonja kwa St. Louis Cardinals. Anthu anakwiya kwambiri, nati mwai wotere subwera kawiri. Koma mu 2019 Nationals anatenga chikho, ndipo amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu World Series imeneyo anali Strasburg. Amene anayamika Rizzo anati, mwaona? Timu inamlonjeza madola 245 miliyoni pa zaka 7. Kuchokera pamenepo anangoponya zigawo 31 zokha. Mitsempha ya pakati pa khosi ndi phewa inapanikizika, madotolo anamchotsa nthiti imodzi, koma sanachire kokwanira kuponya, ndipo mu 2024 analeka.

Winayo ndi Matt Harvey wa New York Mets. Iyenso anachitidwa opareshoni yomweyo, mu 2013. Mu 2015, timu iri kuyandikira chikho, womuyankhulira wache, Scott Boras, anati madotolo afuna kuti asapitirire zigawo 180. Manyuzipepala a mu New York ndi ochemerera anamdzudzula Harvey ngati munthu wothawa nkhondo, ndipo iye anapitiriza kufikira zigawo 216. Pa masewera achisanu a World Series, polimbana ndi Kansas City Royals, anaponya zigawo 8 osalola chigoli, timu yache iri patsogolo 2 kwa 0. Manijala Terry Collins anafuna kumchotsa. Harvey anakana, bwalo lonse liri kupfuula dzina lache, ndipo Collins anagonjera. M'chigawo cha 9 zinthu zinatembenuka, Royals anabweza zigoli ziwirizo, napambana masewerawo ndi chikho chomwe. Chaka chotsatira Harvey anapezeka ndi nthenda yomwe ija ya mitsempha ya pakati pa khosi ndi phewa, ndipo sanakhalenso woponya amene anali.

Wina anamsunga, wina anamlekerera, ndipo onse awiri anathera pa mpeni wa dotolo ndi nthenda imodzi. Ndikhulupirira kuti nyakwawa iri yonse imene iri kumvera yaona kale kuti mlandu uwu sungaweruzidwe ndi mboni ziwirizi zokha.

Ndiponso manijala amatukwanidwa ngakhale mkono uli bwino. Mu World Series ya 2020 Blake Snell wa Tampa Bay Rays anali ataponya nthawi 73 zokha, omenya a Dodgers ali kulephera, timu yache iri patsogolo 1 kwa 0. Manijala Kevin Cash anamchotsa m'chigawo cha 6, chifukwa mawerengero amaonetsa kuti omenya akakomana ndi woponya mmodzimodzi kachitatu amakhala atamzolowera. Amene anamlandira analola zigoli nthawi yomweyo, ndipo Dodgers anatenga chikho usiku umenewo.

Tsono nachi chodabwitsa chimene chiri pakati pa nkhani yonseyi. Oponya oyamba a zaka zino amaponya pang'ono kuposa a nthawi ina iri yonse m'mbuyomu. Ambiri amachoka m'chigawo cha 5 kapena cha 6. Mu 2023, ndiponso mu 2024, matimu onse 30 pamodzi sanafike masewera 40 otsirizidwa ndi woponya mmodzi, pamene Oakland yokha inafika 94 mu 1980. Komabe mikono siinaleke kuduka. Mwa oponya amene anasewera mu ligi yaikulu mu 2023, pafupifupi mmodzi mwa atatu ali onse anali atachitidwa kale opareshoni ya Tommy John. Kumayambiriro kwa April 2024, pa masiku owerengeka okha, kunamveka kuti Shane Bieber wa Cleveland Guardians, Spencer Strider wa Atlanta Braves ndi Eury Pérez wa Miami Marlins onse abvulala chigongono. Pérez anali ndi zaka 20, ndipo timu yache inali itamsamala ndithu chaka chapitacho, mpaka kumpumitsa pakati pa chaka ali kuchita bwino.

Bungwe la osewera linati wolakwa ndi wochi imene inaikidwa mu 2023, imene imakakamiza woponya kuponya pasanathe masekondi 15 ngati palibe wothamanga m'bwalo, kotero kuti minofu sipeza mpata wopuma. Akulu a ligi anakana. M'mwezi wa December 2024 anatulutsa lipoti lao atafunsa anthu oposa 200, madotolo, aphunzitsi ndi osewera, ndipo ambiri a iwo anati gwero lalikulu ndi kufunafuna liwiro ndi kupotoza mpira.

Za wochi tingathe kutsutsana, koma za liwiro mawerengero alipo, pakuti m'mabwalo onse muli makina amene amayesa kuponya kuli konse. Mu 2008 mpira wowongoka unali kuyenda ngati mailosi 92 pa ora, tikatenga pakati ndi pakati. Mu 2024 unapitirira mailosi 94. Kusiyana kwache kuoneka kochepa, koma kumbukirani kuti kamtsempha kaja kanali kale pafupi ndi malire ache. Kale munthu woponya mailosi 100 anali wosowa. Tsopano matimu ambiri ali naye. Mnyamata angathe kukuza minofu yache ponyamula zitsulo ndi poponya mipira yolemera, koma kamtsempha sikakula mofanana ndi minofu. Ndipo makina omwewo amayesanso kazunguliridwe ka mpira, kotero kuti oponya amaufinya zolimba ndi zala kuti ukhote kwambiri, ndipo kufinyako kumatopetsa minofu yomwe ija imene imateteza chigongono.

Pa maganizo anga, anthu amene amakangana za 100 kapena 120 ali ngati munthu amene amawerenga maulendo a ngolo yache osayang'ana katundu amene wakwezamo. Wachepetsa maulendo kuchokera pa 9 kufika pa 5, koma ulendo uli wonse wadzaza ngolo mpaka kusefukira, ndipo ali kudabwa kuti ng'ombe zache ziri kutsimphina. Kuwerengako kunathandiza pa china, koma kunabalanso bvuto lina: woponya akadziwa kuti afunika zigawo 5 zokha ndipo kumbuyo kwache kuli anzache 8, alibe chifukwa chosungira mphamvu monga analangizira Mathewson.

Mungafunse kuti, nanga bwanji osangoponya pang'onopang'ono? Chifukwa ndarama ziri pa liwiro. Mnyamata woponya mailosi 89 mwaluso, ofuna osewera amamlambalala. Woponya 98 amamlemba nchito. Iye adziwa kuti mkono ungaduke, koma adziwanso kuti akapanda kutero sadzafika konse mu ligi yaikulu. Timu nayo siitaya zambiri, pakuti wina akabvulala imaitana wina kuchokera ku matimu ache ang'onoang'ono. Wochuka ngati Strasburg amalandirabe ndarama zache ngakhale ali pa mphasa. Amene amalira ndi mnyamata amene mkono wache waduka asanalembedwe pangano lalikulu.

Ndipo bvutoli limayambira kwa ana. Ku madera otentha a America ana ena amasewera baseball chaka chonse, ena m'matimu awiri kapena atatu nthawi imodzi, makolo ali kuyembekeza kuti mwana adzapeza malo a ulere ku sukulu yaukachenjede. Madotolo a ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, pamodzi ndi Dr James Andrews, anatsata ana oponya kwa zaka 10, ndipo mu 2011 analengeza kuti amene anali kuponya zigawo zoposa 100 pa chaka anali kubvulala kowirikiza katatu ndi theka kuposa anzao. Bungwe la masewera a ana la Little League linaika malamulo mu 2007: mwana wa zaka 11 kapena 12 asapitirire kuponya nthawi 85 pa tsiku, ndipo pambuyo pache linaonjeza kuti akafika 66 apume masiku 4. Madotolo amalangizanso kuti mwana akhale miyezi 4 pa chaka osaponya pa mpikisano. Koma lamulo la timu imodzi silidziwa zimene mwanayo anachita dzulo ku timu ina.

Ena amati chitsanzo chabwino chiri ku Japan, kumene baseball ndi masewera aakulu ndithu. Kumeneko matimu amasunga oponya oyamba 6, ndipo ali yense amaponya kamodzi pa sabata. Yu Darvish, amene anachokera ku Japan kukasewera ku Texas Rangers, ananena poyera mu 2014 kuti kupuma masiku 4 n'kochepa, ndipo kuti masiku opuma ndiwo ofunika kuposa kuwerenga kuponya. Chaka chotsatira iye mwini anachitidwa opareshoni ya Tommy John, ndipo mbali zonse ziwiri za mkangano zinamtenga kukhala mboni yao. Otsutsa amati ku Japan nakonso ana a sukulu anali kuponya mopitirira: Daisuke Matsuzaka anaponya nthawi 250 pa masewera amodzi pa mpikisano wa Koshien mu 1998. Amatinso kupeza oponya abwino 5 n'kobvuta kale, nanji 6. Ndiponso kuti katswiri wako amene akadayamba masewera 32 pa chaka adzayamba 27 okha, asanu enawo n'kupita kwa munthu wofoka. Shohei Ohtani, amene amaponya ndi kumenya komwe, anali kupatsidwa masiku ambiri opuma ku Los Angeles Angels, komabe chigongono chache chinachitidwa opareshoni kawiri, mu 2018 ndi mu 2023. Atasamukira ku Dodgers anakhala chaka chonse cha 2024 ali kumenya kokha, ndipo pamene anayambanso kuponya mu June 2025 anayamba ndi chigawo chimodzi chokha pa masewera.

Timu ya Dodgers imeneyi ndiyo iri ndi mbiri yaposachedwa imene anthu ali kuikambabe. Mu 2024 oponya ao oyamba anabvulala ambiri, kotero kuti anafika pa World Series ali ndi 3 okha, ndipo tsiku limene panalibe woyamba anali kugawa zigawo 9 kwa olandira okhaokha. Anapambanabe New York Yankees. Mu 2025 anakomana ndi Toronto Blue Jays, ndipo mpikisano unafika pa masewera a 7, otsiriza. Yoshinobu Yamamoto, amene timu inamlonjeza madola 325 miliyoni pa zaka 12, ndipo inali kumpatsa masiku 5 kapena kuposa opuma monga anazolowera kwao ku Japan, anaponya nthawi 96 pa masewera a 6. Usiku wotsatira, osapuma ngakhale tsiku limodzi, manijala Dave Roberts anamuitananso m'chigawo cha 9 zinthu zitathina. Masewera anapitirira kufikira chigawo cha 11, Yamamoto sanalole chigoli, ndipo Dodgers anapambana 5 kwa 4. Anthu anamuimbira Roberts m'manja chifukwa cha chinthu chonga chimene anatukwanira Martin ndi Baker. Mphunzitsi wa oponya amene anali kuyang'anira mkono wa Yamamoto usiku umenewo anali Mark Prior yemwe uja.